Fayilo ikasowa pa SharePoint ya kuntchito, yambirani apa

Tsiku lina masana, kutentha kwa ku Bangula kuja koti fani ikungokupemererani mpweya wamoto, abwana anandiimbira ali ku Blantyre. Ankafuna mndandanda wa mabanja omwe tinawagawira mbewu namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, ndipo ankaufuna ola lisanathe. Ndinalemba "mbewu" m'kabokosi kofufuzira ka pa SharePoint, malo a pa intaneti omwe bungwe lathu limasungirako mafayilo, osatuluka kanthu. Nditalemba seed panakhuthuka mafayilo ankhaninkhani. Njira yomwe ndinaupezera ndi yomwe ndimaphunzitsa aliyense wobwera kumene mu ofesi yathu.

Choyamba onani pomwe mwaima. Kabokosi kali pamwamba kaja kamafufuza malo omwe mwatsegulawo. Ngati muli mu site (gawo lake la pa SharePoint) ya ofesi ya Nsanje, kayang'ana momwemo basi, pomwe fayiloyo mwina inasungidwa ndi anzathu a ku Chikwawa. Pamwamba pa zotsatira pamakhala podina kuti kusakako kufalikire bungwe lonse. Ambiri amagonja asanadine pamenepo.

Kenako muganizire munthu amene analemba. Makinawa samasulira, amangofananiza zilembo. Ife timayankhula Chichewa ndi Chisena tsiku lonse, koma malipoti timalemba m'Chingerezi, ndiye sakani ndi mawu omwe ali m'lipotimo. Akakhala mawu awiri oyendera limodzi, atsekereni m'zizindikiro zogwira mawu, chonchi: "seed distribution". Mukatero abwera okhawo omwe mawuwa ali moyandikana.

Chomwe chimatipweteka kwambiri kuno ndi kalembedwe ka maina a malo. Wina alemba Chikwawa, wina Chikhwawa, ndipo kwa kompyuta awa ndi maboma awiri. Mankhwala ake ndi kanyenyezi. Lembani Chik* ndipo onse awiri atuluka. Kanyenyezika kamagwira ntchito kumapeto kwa mawu kokha, mukakaika kutsogolo mwataya nthawi. Mukhozanso kulemba Chikwawa OR Chikhwawa, koma OR akhale wa zilembo zazikulu.

Ine ndinkadziwa kuti mndandanda wa maina sungakhale mu Word, ukhala mu Excel. Ndinawonjezera filetype:xlsx, osasiya mpata pambuyo pa madontho awiriwo, ndipo mulu uja unaphwa. Ngati mukukumbuka amene anakonza, author: ndi dzina lake zimathandizanso. Za masiku musamale. Madzi osefukira kuno si achilendo: 2015, Idai mu 2019, Ana mu 2022, kenako Freddy, ndipo ulendo uliwonse timalemba malipoti a mitu yofanana. Gwiritsani ntchito sefa ya tsiku lomwe fayilo inasinthidwa komaliza, apo ayi mutumiza kwa abwana maina a 2019. Zinandichitikirapo, musandifunse kuti zinatha bwanji.

Zikakanikabe, sikuti fayiloyo kulibe. SharePoint imakuonetsani zokhazo zomwe muli ndi chilolezo chotsegula, ndiye mwina mukungofunika kupempha mwini site. Fayilo yoikidwa posachedwa imatenga kanthawi isanayambe kuoneka. Ndipo mapepala olembedwa pamanja kumudzi, omwe tinangowajambula ndi foni, kawirikawiri mawu am'kati mwake sapezeka, chimapezeka ndi dzina la fayilo. Netiweki ikamavuta ngati mmene imachitira tikawolokera ku Makhanga, musamadawunilode iliyonse kuti muone. Werengani timizere tomwe timaoneka pansi pa dzina, bandulo ndi yanu yomwe.

Mndandanda uja ndinaupeza patatsala mphindi zochepa, mu site ya Chikwawa, dzina lake lili "list final 2 use this one". Nditautumiza ndinapempha mwini wake kuti tiusinthe dzina, tinaikamo Freddy, 2023, seed ndi Nsanje. Anavomera, koma anandiuza kuti ilipo inanso ya "final 3" yomwe sakukumbuka komwe anaiika.