Momwe mungapitire ku shoo ya woyimba amene mumamukonda ku Zomba popanda kuononga chisangalalo cha anzanu

Chithunzi chikangotuluka pa Facebook chonena kuti woyimba wotchuka akubwera ku Zomba, magulu a WhatsApp a ku Chikanda, Matawale ndi Chinamwali amayamba kutokota. Wina akufunsa mtengo wa tikiti, wina akusaka wobwereka nsapato, wina waloweza kale mawu a nyimbo zonse kuti asadzatafune lilime tsikulo. Chidwi chotere n'chabwino, ndipo ndi chimene chimadyetsa oyimba. Koma tikiti imene mwagulayo yakugulirani malo oyima ndi nyimbo zomvera basi. Thupi la woyimbayo, siteji yake, ndi mtendere wa munthu amene wayima pambali panu sizili m'mtengowo. Shoo zambiri zimene zimathera panjira zimaonongeka chifukwa cha anthu ochepa amene sanamvetse zimenezi.

Tsimikizani kaye kuti shooyo ilipodi

Safunsa anadya phula. Chithunzi cholengeza shoo aliyense angathe kuchipanga pa foni m'mphindi khumi. Musanatumize ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, pitani pa tsamba lenileni la woyimbayo mukaone ngati nayenso walengeza tsikulo ndi malowo. Kenako yerekezani nambala yolipirira imene ili pa tsamba lakelo ndi imene mwatumiziridwa mu gulu. Akuba amasintha nambala yokha, china chilichonse pa chithunzicho amachisiya momwe chinalili. Dzina la wolandira ndalama likatuluka musanalowetse nambala yanu yachinsinsi, liwerengeni. Ngati silikugwirizana ndi la okonza shoo, lekani pomwepo.

Uthenga wotsimikizira kuti mwalipira musaufufute, ndipo ujambuleni kuti mukhale nawo ngakhale netiweki itavuta pa geti. Ngati tikiti yanu ili ndi nambala kapena kachizindikiro kosikana, musaiike pa status. Wina akaijambula n'kukulowerani, inu mudzatsala panja mukukangana ndi mabaunsa amene sakudziwani.

Malo ndi nyengo

Shoo ya mu Great Hall ku University of Malawi, kumene ambiri timakutchabe ku Chanco, n'njosiyana ndi ya panja monga pa udzu wa ku Gymkhana Club. Mu holo mumatentha anthu akadzaza, choncho valani zopepuka. Panja, mu June ndi July, mphepo yotsika m'phiri la Zomba imalowa m'mafupa ikangokwana 10 koloko usiku, ndipo chiperoni chikabwera mumanyowa osaona mvula. Tengani juzi. Kuyambira November mpaka April udzu umasanduka matope, ndiye nsapato za gogoda zisiyeni kunyumba. Ambulera imatchinga anthu a kumbuyo ndipo imabaya m'maso; jekete la mvula kapena chitenje n'zabwino kuposa iyo.

Idyani musananyamuke. Mowa wa pamimba yopanda kanthu ndiwo umagwetsa anthu woyimba asanakwere n'komwe pa siteji.

Za ulendo wobwerera ganizani dzuwa lisanalowe. Maminibasi a ku Blantyre, ulendo wa makilomita opitirira 60 pa msewu wa M3, komanso a ku Liwonde, sadalirika pakati pa usiku. Ochokera ku Thondwe, Namadzi, Songani kapena Domasi agwirizane ndi woyendetsa galimoto amene akumudziwa, apangane mtengo ndi malo okumanirana. A kabaza amakweza mtengo shoo ikangotha chifukwa aliyense akufuna kuchoka nthawi imodzi. Ndalama ya ulendo iikeni m'thumba lina, osati limene mukugulira zakumwa.

Pa geti

Apa ndi poopsa kuposa pena paliponse, ngakhale ambiri sapaganizira. Pa 6 July 2017, anthu 8 anafa pa Bingu National Stadium ku Lilongwe, ambiri mwa iwo ana, chifukwa cha kukankhana polowa. Wokankha ali kumbuyo saona kuti wa kutsogolo wapanikizidwa pa chitsulo ndipo sakupuma. Fikani ola limodzi kapena awiri nthawi isanakwane, imani pa mzere, tikiti ili m'manja kale. Geti likachedwa kutsegulidwa, kukankha sikulitsegula msanga. Alonda amangolimbitsa kwambiri. Mukaona mzere wasanduka chimpwirikiti, chokani mukayime patali mpaka zinthu zizizire. Nyimbo ziwiri zoyambirira zingakuphonyeni, palibe kanthu.

Lolani kusechedwa. Mabotolo a galasi, mipeni ndi zina zakuthwa zimalandidwa pa zifukwa zomveka. Mukalowa, musanayambe kuvina, yang'anani kumene kuli zitseko zotulukira, ndipo gwirizanani ndi anzanu malo amodzi okumanirana mukasochererana. Foni simungaidalire m'phokoso.

Poyima pabwino

Aliyense amafuna kutsogolo, koma pafupi ndi masipika akuluakulu aja phokoso limatha kufika madesibeli 100 pa muyezo wa kukula kwa phokoso. Bungwe la World Health Organization linanena mu 2015 kuti phokoso lotere khutu limalipirira bwino kwa mphindi pafupifupi 15 zokha. Kulira kwa m'makutu kumene mumamva m'mawa wotsatira ndi chizindikiro choti tinthu tina ta mkati mwa khutu tavulala, ndipo tikafa sitimeranso. Sunthani mamita angapo. Mawu amamveka bwino pafupi ndi tebulo la amene akuyendetsa zokuzira mawu, kawirikawiri pakati pa bwalo, chifukwa iye amakonza mawuwo malinga ndi momwe akuwamvera pamene wakhalapo. Ana aang'ono asayandikire masipika, ndipo shoo za usiku zogulitsa mowa si malo awo.

Mukamva kuti khamu likukuyendetsani mapazi anu osafuna, kapena simungathe kukweza dzanja kukanda mphuno, malowo adzaza mopyola muyezo. Pindani manja patsogolo pa chifuwa ngati wankhonya kuti nthiti zipeze mpata wopumira. Musalimbane ndi funde la anthu. Yendani nalo mopendekera cham'mbali mpaka mutatuluka. Foni ikagwa, isiyeni. Munthu akagwa, fuulani, pangani mpata, mudzutseni. Inu mukagwa n'kulephera kudzuka, gonani cham'mbali mutapinda miyendo, manja ataphimba mutu.

Siteji ndi malo a ntchito

Apa ndi pamene chikondi chimasanduka chipongwe. Pa siteji pali mawaya a magetsi, a magitala ndi a maikolofoni oyalidwa pansi, komanso masipika ang'onoang'ono oyang'ana kwa woyimba amene amamuthandiza kudzimva yekha. Munthu akadumphira pamenepo atanyamula chakumwa, phazi limodzi likhoza kuzula waya, gitala n'kukhala chete pakati pa nyimbo. Chakumwa chikatayikira pa soketi, zida zimapsa, mwinanso munthu kugwidwa ndi shoko. Zida zambiri zimakhala zobwereka, ndiye wolipira ndi woyimba yemweyo amene mukuti mumamukonda.

Musakwere pokhapokha woyimbayo atakulozani yekha n'kukuitanani. Akakuitanani, vinani, sangalalani, nyimbo ikatha tsikani osadikira kukokedwa ndi baunsa. Musamulande maikolofoni kuti mupereke moni kwa anzanu a ku Mpondabwino.

Akatsika kudzayimba pafupi ndi anthu n'kutambasula dzanja, ligwireni pang'ono n'kulisiya. Kumukoka, kumuvula chipewa, kumudula tcheni, kumupsompsona mokakamiza, zonsezi n'kumuchitira nkhanza, kaya mukuseka kaya mukulira ndi chimwemwe. Oyimba aakazi ndi ovina awo ndiwo amavutika kwambiri ndi manja oyendayenda. Kavalidwe ka pa siteji ndi yunifolomu ya ntchito, si chilolezo. Ndipo mayi wogwira woyimba wamwamuna malo osayenera walakwa chimodzimodzi, ngakhale khamu limakonda kuombera m'manja zoterezi.

Kusupa ndi mwambo wathu ndipo oyimba amakukonda, koma kuli ndi kachitidwe kake. Ngati aika mbale, lichero kapena katoni kutsogolo, ponyani mmenemo. Ngati palibe, perekani kwa wothandizira amene wayima m'mbali mwa siteji. Musalowetse ndalama m'zovala za woyimba kapena za wovina, musamumate pamphumi pa thukuta akuyimba, ndipo ndalama zachitsulo musaponye, zimavulaza diso. Zomwaza pansi zimapondedwa n'kung'ambika, nkhani imene Reserve Bank of Malawi yakhala ikudandaula. Kusupa K5,000 sikukupatsani mphamvu yoimitsa nyimbo kuti ayambe imene inu mukufuna. Oyimba amakonza mndandanda wa nyimbo ndi bandi yawo masiku angapo shoo isanachitike. Pemphani pakati pa nyimbo ziwiri, kamodzi kapena kawiri, kenako muwasiye.

Nyimbo yachete ikayamba, kapena woyimba akamalankhula, vuvuzela ndi likhweru zipume kaye. Imbani naye pa kolasi ndi pamene wakulozerani maikolofoni. Anzanu analipira kudzamva iyeyo, osati inu.

Foni

Jambulani kavidiyo ka mphindi imodzi kapena ziwiri, foni ili pa msinkhu wa nkhope yanu, kenako ibwezeni m'thumba la kutsogolo. Foni yokwezedwa m'mwamba shoo yonse imatchinga anthu asanu a kumbuyo kwanu, ndiponso ndi imene mbava zimaiona poyamba. Zimitsani fulashi, sithandiza kanthu pa mtunda wotere koma kuthobwa m'maso mwa woyimba. Kujambula shoo yonse n'kumaigulitsa pa memori kadi kapena kuionetsa pompopompo pa Facebook popanda chilolezo n'kumudyera woyimbayo thukuta lake, ndipo lamulo la Copyright Act la 2016, limene bungwe loteteza ntchito za aluso la COSOMA limayang'anira, limateteza ntchito zotere. Mlendo amene waledzera kapena amene chovala chamuthawa povina musamujambule n'kumumwaza m'magulu. Zomba ndi tawuni yaing'ono, pofika Lolemba vidiyoyo yafika kwa abwana ake kapena kwa amayi ake.

Amene mwayima nawo

Kuvina pafupi si kuvomera kugwiridwa. Mukafuna kuvina ndi munthu, mufunseni ali kukuonani, osati kumudzera kumbuyo. Akakana kapena akasuntha, nkhani yatha. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati kuvutitsa munthu pa nkhani za kugonana ndi mlandu, ndipo chilango chake ndi chindapusa cha K1,000,000 ndi zaka 5 kundende. Kuchuluka kwa anthu kapena mowa sizichotsa mlanduwo.

Mukaona mtsikana akuvutitsidwa, simukusowa kumenya munthu. Imani pakati pawo, mufunseni kuti, “Achemwali, muli bwinobwino? Anzanu ali kuti?” kenako itanani baunsa kapena wapolisi. Bungwe la YONECO, limene likulu lake lili mu Zomba momwemuno, lili ndi manambala aulere: 5600 pa za nkhanza, ndi 116 pa za ana. Chakumwa chanu musachisiye pa tebulo n'kudzachimwanso, ndipo chopatsidwa ndi mlendo chikhale chotsegula inu nokha.

Wamtali amene wafika mochedwa asadziike kutsogolo kwa wamfupi amene wadikira maola atatu. Olumala ndi amayi oyembekezera apatseni njira osadikira kupemphedwa.

Zinthu zikavuta

Oyimba otsegulira nthawi zambiri amakhala achinyamata a konkuno, ena ophunzira a pa yunivesite, ndipo ena akuima pamaso pa khamu koyamba. Ngati sanakusangalatseni, pitani mukagule chipisi pa chiwaya. Kuwakuwiza kuti atsike sikufulumizitsa woyimba wamkulu, amene mwina sanafike n'komwe.

Magetsi akathima, jenereta imafuna mphindi zingapo kuti idzuke, ndipo zokuzira mawu zimayatsidwa chimodzichimodzi kuopa kuzipsereza. Imani pamene muli, gwirani matumba anu, musathamange mu mdima. Woyimba akachedwa kwambiri kapena osabwera, kawirikawiri nkhani imakhala pakati pa iye ndi okonza shoo, monga malipiro osakwanira kapena zida zosafika. Botolo loponyedwa ku siteji limagwera woyimba ng'oma kapena mnzanu wa kutsogolo, amene alibe mlandu. Sungani tikiti ndi uthenga wa malipiro uja, funsani okonza shoo za kubwezeredwa ndalama, ndipo akakana kadandauleni ku polisi muli gulu. Mipando ikathyoledwa, eni malo amakana kubwereketsanso holo, ndipo oyimba amauzana kuti ku Zomba kulibe phindu.

Shoo ikatha

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Woyimba amene wayimba maola awiri amakhala atatopa, mawu atasasa, mwina mawa lake ali ndi shoo ina ku Mangochi kapena ku Blantyre. Ngati akonza nthawi yojambulitsa, imani pa mzere, pemphani kuti, “Tingajambulitse nanu?”, kamera ikhale yotsegula kale, chithunzi chimodzi, zikomo, mnzanu alowe. Dzanja lanu likhale pamene iye walola. Ngati muli ndi nyimbo zanu zimene mukufuna amve, funsani manejala wake njira yotumizira, osati kumuyatsira foni kukhutu pomwepo.

Akakana kujambulitsa, musamuthamangire ku galimoto kapena kuimenya magalasi, ndipo musamutsatire kumalo kumene wagona. Mukamuona m'mawa akudya ndi banja lake ku hotelo ya Ku Chawe kapena akugula zipatso m'mbali mwa msewu wa kuphiri, moni wa patali ndi wokwanira. Ana ake musawajambule, ndipo kumene wagona musalengeze pa intaneti.

Polemba maganizo anu pambuyo pake, nenani za shooyo: mawu anamveka bwanji, anayamba nthawi yanji, bandi inali bwanji, chitetezo chinali chokwanira kapena ayi. Okonza shoo amawerenga zimenezo. Za thupi lake, banja lake, kapena kutukwana otsatira a woyimba wina zisiyeni. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza munthu pa intaneti. Potuluka tolani mabotolo anu, ndipo podutsa m'makomo a anthu ku Chikanda kapena ku Sadzi 2 koloko usiku, kolasi ija isungeni mpaka mawa.