Musanagule njinga yodumphira, yambani mwaona izi

Kuno ku Chigwa cha Shire njinga ndi miyendo yathu. Imatuta chimanga ku dimba, imafikitsa odwala kuchipatala, imadyetsa mabanja a akabaza pa Nchalo ndi pa Ngabu. Koma anyamata ambiri tsopano akukopeka ndi kanjinga kodumphira pa milu ya dothi kamene amakaona pa YouTube ndi TikTok, kotchedwa dirt jump. Ngati nanunso kakuloweni mumtima, musafulumire kutulutsa ndalama.

Choyamba, idziweni bwino njingayo. Felemu yake ndi yaifupi koma yolimba zedi, chishalo chili pansi penipeni, matayala kawirikawiri ndi a mainchesi 26. Zambiri zili ndi giya imodzi yokha, buleki yakumbuyo basi, ndi shoko yolimba kutsogolo yomira pafupifupi mamilimita 100. Zonsezo anazikonza kuti munthu auluke, atere, njinga isathyoke.

Chachiwiri, dzifunseni kuti mukuifunira chiyani, poti apa ndi pamene pagona nkhani. Ubwino wake ndi woonekeratu: siiwonongeka wamba, popeza ilibe zingwe za magiya zovutavuta, imamvera pokhota, ndipo imaphunzitsa munthu kuilamulira njinga ndi thupi lonse. Koma njinga imeneyi amaipalasa chiimirire. Mukati mukhale pa chishalo, mawondo amafika pachifuwa. Tayesani kuchoka pa Nchalo kukafika pa Ngabu choncho dzuwa la mwezi wa Okutobala likuswa mtengo, mudzaitukwana njira yonse. Keliyala ilibe, ndipo zambiri zilibe ndi pomangira keliyalayo, ndiye za kabaza kapena thumba la makala iwalani. Komanso musadzayerekeze kutsika nayo zitunda zochokera ku Blantyre kubwera pa Thabwa muli ndi buleki imodzi. Ine ndimati ngati pakhomo palibe njinga ina, gulani kaye yantchito.

Mwatsimikiza ndithu? Ndiye chachitatu, ifufuzeni, makamaka ngati ndi yakale. Pukutani fumbi pamalo onse owotcherera, kwenikweni pakhosi pa felemu, m'munsi mwa chiwongolero, ndi pamene pamalowa zopalasira, muone ngati pali ming'alu. Pakapezeka mng'alu, isiyeni ngakhale wogulitsa atsitse mtengo. Zungulizani mateyala muone ngati sakuvina, finyani masipoko awiriawiri, kenaka gwirani buleki ndi kukankha njinga kuti mumve ngati china chikugogoda. Buleki yoyendera mafuta imagwira bwino, koma ikadontha amakaniko ambiri a pansi pa mtengo sakhala ndi zipangizo zake. Yachingwe ndiyo yosavuta kukonzetsa kuno.

Chachinayi ndi minga. Timano ta pa matayala ake ndi tating'onoting'ono, ndipo munga wa mthethe suchedwa kulowa. Popani kwambiri, ndipo chubu china, zigamba ndi pampu zisamachoke m'chikwama.

Pomaliza, konzani podumphira. Pemphani malo kwa mwini wake kapena kwa amfumu, ndipo musakumbe dothi m'mbali mwa msewu kapena pa zitchinga zoteteza madzi osefukira. Unjikani mulu wofika m'mawondo basi, pamwamba pake pakhale pafulati ngati tebulo, kuti mukalephera kufika tsidya linalo mutere pamwambapo m'malo mogwera m'dzenje. Thirani madzi, sinjani ndi fosholo, muusiye ugone tsiku limodzi. Dothi lamakande limang'aluka likauma ndipo limamata matayala mvula ikagwa, choncho sankhani losakanikirana ndi mchenga pang'ono.

Valani chipewa choteteza mutu ndi nsapato zotseka, osati mapatapata. Masiku oyamba ingokwerani muluwo ndi kutsika matayala onse ali pansi, mawondo ndi zigongono zili zopinda, m'mamawa kusanatenthe, ndipo pakhale mnzanu wokuonererani.