Momwe mungachulukitsire mbewa ndi makoswe a mu labotale

Mbewa ya mu labotale, imene asayansi amaitcha Mus musculus, simavuta kuswana. Chimene chimavuta ndi woweta amene sadziwa thupi lake, ndiponso amene manja ake sakhazikika. Khoswe wa mu labotale, Rattus norvegicus, naye ndi chimodzimodzi. Mitundu imene mungakumane nayo kawirikawiri ndi mbewa yakuda ya C57BL/6, imene wasayansi C. C. Little anaiyambitsa mu 1921, yoyera ya BALB/c, komanso makoswe a Wistar ndi Sprague Dawley. Musanagule ngakhale imodzi, pezani kaye chilolezo cha komiti yoona za kasamalidwe ka nyama pa kafukufuku.

1. Yambani mwalidziwa thupi

Mbewa yaikulu imalemera magalamu 20 mpaka 40, pomwe khoswe amatha kupitirira magalamu 300. Zonse zili ndi mano 16, ndipo anayi akutsogolo amakula moyo wonse. Ziikireni kamtengo kotafuna. Mano akaphonyana amakula mokhota mpaka nyama kulephera kudya, ndiye mukaona ina ikuonda pomwe zinzake zikunenepa, itsekuleni pakamwa musanaganize zina.

Zonse ziwiri sizisanza. Mbewa ili ndi ndulu, khoswe alibe. Ndipo mukaona zofiira m'maso kapena pamphuno pa khoswe, musathamangire kunena kuti ndi magazi. Ndi utoto wotchedwa porphyrin wochokera kuseri kwa diso, ndipo ukachuluka ndi chizindikiro chakuti khosweyo akudwala kapena china chikumusautsa.

Pogwira, lowetsani mbewa m'kapaipi kapena muikhazike m'manja. Khoswe mugwireni thupi, osati nsonga ya mchira, chifukwa khungu lake limatha kusendeka.

2. Siyanitsani yaimuna ndi yaikazi

Apa ndi pamene ambiri amagwira fuwa la moto. Munthu amadikira mwezi wathunthu osaona bere, kenako n'kuzindikira kuti m'kholamo munali zazimuna zokhazokha.

Tukulani mchira pang'ono, miyendo yakutsogolo itagwira chivindikiro cha khola. Onani mpata umene uli pakati pa potulukira ndowe ndi maliseche. Mwa yaimuna mpatawu ndi wautali, pafupifupi kawiri kuyerekeza ndi wa yaikazi. Musadalire machende, chifukwa nyamazi zimatha kuwabweza m'mimba zikachita mantha kapena kukazizira. Njira yabwino ndi kuika ziwiri pamodzi n'kuyerekeza. Mawere nawonso amathandiza: mbewa yaikazi ili ndi 10, khoswe wamkazi 12, ndipo zazimuna zilibe. Mwa ana, mawere amaoneka bwino akamakwana masiku 9 kapena 10, ubweya usanachuluke pamimba.

3. Konzani chipinda

Kutentha kukhale pakati pa madigiri 20 ndi 24, magetsi aziyaka maola 12 ndi kuzima maola 12. M'khola muikemo utuchi woyera, madzi, chakudya chawo ndi timapepala tofewa tomangira chisa. Phokoso, kugwedezeka kwa mashelefu ndi mafuta onunkhira zisapezeke.

4. Ziphatikizeni

Mbewa zimakhala zokonzeka pa masabata 6 mpaka 8, makoswe cha pa masabata 10. Tengani yaikazi mupite nayo m'khola la yaimuna, osati yaimuna kuipititsa kwa yaikazi. Mutha kuika imodzi kwa imodzi, kapena yaimuna imodzi ndi zazikazi ziwiri. Mbewa zazimuna ziwiri zimene zinakwerapo kale musaziike pamodzi, zidzalumana koopsa.

Yaikazi imafuna yaimuna kamodzi pa masiku 4 kapena 5 aliwonse, ndipo zimakwerana usiku. Choncho m'mamawa, magetsi atangoyaka, onani pa maliseche pa yaikazi. Ngati yakweredwa mupezapo kotsekera kolimba, kotuwa ngati phula la kandulo. Kameneka kamachokera kwa yaimuna ndipo kamagwa tsiku lisanathe, ndiye mukachedwa simukapeza. Kwa khoswe kamagwa msanga, nthawi zambiri mumakapeza pansi. Kotsekeraka kamangosonyeza kuti zakwerana, osati kuti bere lagwira. Lembani tsikulo, kenako muziiyeza kulemera kwake.

Fungo lili ndi mphamvu kuposa mmene timaganizira. Mu 1959 wasayansi Hilda Bruce anaonetsa kuti mbewa imene yangokweredwa kumene ikamva fungo la yaimuna yachilendo, bere limatha osagwira. Ndiye ngati mwagwira yaimuna ya khola lina, sinthani magolovesi musanapite kwa yaikazi.

5. Ikaswa, dzigwireni

Bere la mbewa limatenga masiku 19 mpaka 21, la khoswe 21 mpaka 23. Sinthani utuchi kutatsala masiku angapo kuti iswe, kenako lisiyeni kholalo.

Ana amabadwa ofiira, opanda ubweya, maso ndi makutu zili zotseka. Mtima umafuna kuwatulutsa, kuwawerenga, kuwajambula. Musatero. Make akasokonezedwa masiku oyambirira amatha kuwasiya kapena kuwadya, makamaka ngati ndi bere loyamba. Suzumirani kudzera m'mbali mwa khola basi. Chofunika kuona ndi kadontho koyera kamene kamaonekera pakhungu la pamimba, kumanzere kwa mwana. Umenewo ndi mkaka uli m'chifu. Mukakaona, dziwani kuti akuyamwa, bwererani. Ubweya umayamba kumera sabata yoyamba ikamatha, maso amatseguka cha pa masiku 12 mpaka 14, ndipo posakhalitsa amayamba kulawa chakudya cholimba.

Pali chinthu china chimene chimadzidzimutsa oyamba kumene. Yaikazi imafunanso yaimuna pasanathe maola 24 itaswa. Ngati yaimuna ili momwemo, ana ena abwera pomwe oyambawa akungosiya kuyamwa. Ngati mukufuna nyama zambiri, isiyeni. Ngati mukufuna make apumule, ichotseni bere lisanafike masiku ake. Ine ndimaona kuti kuswetsa nyama zoposa zimene kafukufuku akufuna ndi kuzizunza chabe.

6. Aletseni kuyamwa

Pa masiku 21 achotseni kwa make, aamuna paokha, aakazi paokha. Bwerezaninso kuona mpata uja pa mwana aliyense, chifukwa mmodzi wolowa khola lolakwika amapatsa bere azilongo ake onse m'masabata ochepa. Amene akuoneka ochepa thupi atha kukhala ndi make mpaka masiku 28, bola ngati palibe ana ena akubwera. Masiku oyambirira ikani chakudya china pansi, chonyowetsa pang'ono, ndipo onetsetsani kuti akufikira pakamwa pa botolo la madzi.

Pa khola lililonse mangirirani khadi lolembapo mtundu, makolo, tsiku lophatikiza, tsiku loswa, ana obadwa ndi amene aletsedwa kuyamwa. Mtundu umatchedwa wosasakanikirana pokhapokha mchimwene ndi mlongo wake akwerana mibadwo 20 motsatizana, ndipo khadi limodzi losowa limatha kuononga zonsezo. Khadilo ndi lomwenso lidzakuuzeni nthawi yosintha: ziwiri zimene zatha miyezi iwiri osaswa, kapena mbewa imene yafika miyezi 8 ndipo ana ake akucheperachepera, zipumitseni n'kuikapo zina zazing'ono.