Momwe mungamangire pafupi ndi mtsinje kapena dambo ku Zomba osaphwanya malamulo

Puloti ya m'mbali mwa Likangala imakopa: mtengo wake ndi wotsika, madzi oumbira njerwa ali pompo. Koma musanatulutse ndalama, tsatani izi.

Choyamba, kaoneni malowo m'dzinja, mu Januwale kapena Febuluwale. Mu Okutobala malo alionse amaoneka ouma. Mukafika, yang'anani pansi. Ngati pali bango ndi dothi lakuda la makande, lomwe limang'ambika ming'alu m'chilimwe, dziwani kuti mwaima padambo. Kenako kwezani maso m'mitengo. Majumbo ndi zinyalala zokodwa m'nthambi zimakuuzani pomwe madzi amafika mtsinje ukadzadza. Funsaninso anthu okhalitsa pamalopo kuti pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 madzi analekezera pati. Mlamu wanga anagula malo m'chilimwe osafunsa aliyense, ndipo lero mvula ikagwa masiku awiri madzi amatumphuka pansi pa simenti ya pabalaza, makoma onse anachita ndere. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa ndalama zake zonse zopumira pantchito zinathera pamenepo.

Chachiwiri, fufuzani ngati malowo ndi ogulitsika n'komwe. Mumzinda pitani ku khonsolo ya mzinda wa Zomba. Kumudzi yambirani kwa amfumu ndi komiti yoona za malo, monga likunenera lamulo la malo a mafumu la 2016, kenako ku khonsolo ya boma. Ndondomeko ya dziko yokhudza malo ya 2002 imaika madambo m'gulu la malo a anthu onse a m'deralo, odyetserako ziweto ndi kumwetako udzu. Choncho kalata ya wogulitsa yokha isakukhazikeni mtima pansi.

Chachitatu, pulani ya nyumba ivomerezedwe musanakumbe maziko. Pemphani wa ku khonsolo abwere adzakuonetseni mtunda woti musiye kuchokera pagombe la mtsinje, mukhome zikhomo iye ali pomwepo.

Ngati chomwe mukumanga n'chachikulu, monga malo ogona alendo, malo omwetsera mafuta kapena sikimu ya mthirira, pali makomo ena awiri. Bungwe la boma loona za chilengedwe la MEPA, lomwe linabwera ndi lamulo loteteza chilengedwe la 2017, ndi limene limanena ngati pakufunika kauniuni wa momwe ntchitoyo ikhudzire chilengedwe ndi anthu. Kupatutsa mtsinje, kumanga damu, kupopa madzi ambiri kapena kutayira madzi oipa mumtsinje kumafuna chilolezo cha bungwe la boma loyang'anira madzi la National Water Resources Authority, malinga ndi lamulo la madzi la 2013.

Ntchito ikayamba m'pamene ambiri timalakwitsa. Chimbudzi chikumbidwe kumtunda, kutali ndi madzi, osati m'khonde mwa mtsinje. Amisiri asakumbe mchenga kapena dothi la njerwa pagombe, chifukwa gombe likagumuka limadya puloti yanu yomweyo. Bango musaliotche, ndilo limasefa matope ndi kufooketsa liwiro la madzi. Pampata munasiya paja dzalanipo vetiva, nsungwi ndi mikuyu.

Izi sizikuthera pa puloti yanu. Madzi a Mulunguzi, Likangala ndi Domasi onse amakathera m'nyanja ya Chilwa, ndipo nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Dothi ndi zonyansa zochokera ku Chikanda kapena ku Mpondabwino zikalowa, zimakhala momwemo. Nyanja ndi yosaya kale, inauma mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, ndipo matope akamachuluka matemba, makumba ndi milamba zimasowa poswanirana. Kuyambira 1997 Chilwa ili pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar.

Kwa inu amene mukufuna malo kunyanja kwenikweniko, monga cha ku Kachulu, chenjerani ndi mtunda womwe umaonekera nyanja ikaphwa. Zaka za mvula yambiri madzi amabwerera pomwepo. Pitani ndi msodzi wachikulire akulozereni pomwe ankakocheza bwato nyanja itadzadza, zikhomo zanu ziyambire kumtunda kwa pamenepo.