Musanadzudzule foni yatsopano, yesani kaye simukhadi yanu yakaleyo

Malume anga anagula foni yolembedwa 4G pabokosi, n'kuikamo simukhadi yomwe akhala nayo zaka zoposa 15. Kuimba inkaimba bwinobwino, mameseji ankalowa, koma pakona ya sikirini, pafupi ndi timizere ta netiweki, pankangooneka chilembo E, nthawi zina H. Chithunzi chimodzi pa WhatsApp chinkangozungulira mpaka munthu kugwa ulesi. Anandiitana mtima uli m'mwamba: "Mphwanga, andigulitsa foni yachinyengo." Ndinati, "Tandibwerekani kaye, a malume." Ndinatulutsa kakhadi kawo n'kuikamo kanga, ndipo isanathe mphindi imodzi 4G inatulukira pakona paja. Foni inalibe mlandu.

Kasinthanidwe kameneka ndi komwe ndimauza aliyense kuti ayambire, chifukwa sikalira ndalama ndipo kamathetsa mkangano msanga. Pezani mnzanu amene ali pa kampani yomweyo ngati inu, ndipo foni yake ikuonetsa 4G kapena LTE (dzina lina la 4G) pamalo pomwe mwaimapo. Zimitsani mafoni onse awiri, sinthanani masimukhadi, kenako yatsani. Ngati kakhadi ka mnzanuyo kakubweretsa 4G m'foni mwanu, pomwe kanu kakukakamirabe pa E kapena H ngakhale m'foni mwa mnzanuyo, vuto lili pa kakhadi kanu kapena pa laini yanu. Zikakhala kuti kanu kagwira 4G m'foni mwa mnzanu, siyani kukakayikira, yang'anani foni yanu. Zilembo zija musaziope: G ndi E ndi za 2G, H ndi H+ ndi za 3G.

Nanga n'chifukwa chiyani kakhadi koimba bwinobwino kamakanidwa pa 4G? Pansi pa kachitsulo kagolide kaja pali kakompyuta kakang'ono. Kamasunga nambala yokuzindikiritsani yotchedwa IMSI komanso kiyi wachinsinsi amene kampani yanu yokha ndiyo ili ndi mnzake. Makhadi oyamba anapangidwa mu 1991 ndi kampani ya Giesecke & Devrient ya ku Munich, ndipo anagulidwa ndi Radiolinja ya ku Finland, netiweki ya GSM, yomwe ndi 2G, itangoyamba. Pa njira ya nthawi imeneyo, netiweki ndiyo inkafunsa foni kuti ndiwe ndani, koma foni inalibe njira yofunsira netiweki. Munthu wokhala ndi zipangizo akanatha kuimika nsanja yabodza, foni n'kuikhulupirira. Pamene 3G inkakonzedwa, akatswiri anatseka mpata umenewu pobweretsa pulogalamu yatsopano ya m'kakhadi yotchedwa USIM, imene imachititsa kuti mbali zonse ziwiri zitsimikizirane. Netiweki ya 3G inasiyidwa kuti izilandirabe makhadi akale aja, n'chifukwa chake a malume ankaona H. Koma malamulo a bungwe la 3GPP, lomwe limakhazikitsa kagwiridwe ntchito ka manetiweki amenewa, salola SIM wamba ya 2G kulowa pa 4G. Popanda USIM palibe cholowera.

Apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka, amawerengera zaka za kakhadi. Zaka zimangopereka chithunzi. Makampani ena anayamba kupereka USIM atangotsegula 3G, 4G isanabwere n'komwe, popeza netiweki yoyamba ya 4G yogulitsidwa kwa anthu inatsegulidwa mu December 2009 ku Stockholm ndi ku Oslo. Makhadi oterowo amagwira 4G mpaka lero. Makampani ena anapitiriza kugulitsa SIM wamba kwa zaka zambiri pambuyo pake. Choncho anthu awiri akhoza kukhala ndi makhadi a msinkhu umodzi, lina n'kugwira, lina n'kukanika. Tembenuzani kakhadi muone ngati palembedwa USIM, 4G kapena LTE. Ka a malume kanali katafufutika, pongotsala manambala ochepa a mzere wautali uja woyamba ndi 89. Kukapanda kulembedwa kanthu, sizitanthauza kuti n'kachikale, ndiye bwererani ku kusinthana kuja.

Ngati vuto laloza ku foni, lowani mu Settings, pa gawo la Mobile network, muone pomwe palembedwa Preferred network type. Nthawi zambiri ndimapeza kuti wina anaika pa 2G kapena 3G yokha pofuna kusunga batire, kenako n'kuiwala. Sankhani yomwe ili ndi 4G kapena LTE pamodzi ndi zinazo. Mafoni ena olowa makhadi awiri, makamaka a zaka zam'mbuyomu, amapereka 4G ku kakhadi kamodzi kokha, kamene mwasankha kuti kazigwiritsidwa ntchito pa intaneti, kenako kachiwiriko kamatsalira pa 2G kapena 3G. Onaninso APN, dzina la khomo lomwe foni imadzera polowa pa intaneti ya kampani yanu. Likalakwika, chizindikiro cha netiweki chimatha kuoneka koma masamba osatseguka. Palinso mafoni ogulidwa kumaiko ena amene salandira mafunde amene kampani yanu imaulutsirapo 4G. Pamenepo ngakhale kakhadi katsopano sikangathandize.

Tsopano za kukula kwa kakhadi, komwe n'kosiyana kotheratu ndi nkhani ya 4G. Kakale kaja ka m'mafoni a mabatani ndi mini, ka mamilimita 25 m'litali ndi 15 m'lifupi. Kenako kunabwera micro, 15 ndi 12, ndipo mu 2012 kunabwera nano, 12.3 ndi 8.8, komwe kanayambira mu iPhone 5. Anthu amadula kakakulu ndi sizasi kapena kachipangizo kodulira kuti kalowe m'foni yatsopano. Ine kudula sindikulimbikitsa, ndipo ndili ndi zifukwa. Makhadi akale ali ndi chitsulo chachikulu, moti podula mumafika pomwe pali kakompyuta kaja, ndipo mukakakhudza basi laini yazima. Nano ndi yopyapyalanso, mamilimita 0.67 poyerekeza ndi 0.76 ya akalewo, choncho kodulidwako kamathina m'kathireyi, ndipo ndaonapo timano ta mkati mwa foni titapindika chifukwa chokankha mokakamiza. Kuonjezera apo, kudula sikusintha za mkati. SIM ya 2G yodulidwa bwino kwambiri ikadali SIM ya 2G. Makhadi akalekale enanso ankafuna magetsi a mavolti 5, pomwe mafoni amakono amapereka 3 kapena 1.8, ndiye foni imangonena kuti mulibe SIM ngakhale mwaikamo.

Pa 5G nkhani ndi yofewerapo kusiyana ndi mmene otsatsa malonda amaimveketsera. Manetiweki ambiri a 5G anayamba ndi mtundu wotchedwa NSA, umene umatsamira pa makina a 4G potsimikizira anthu. Pa mtundu umenewu kakhadi kogwira 4G kamagwiranso 5G, bola foni ikhale ya 5G, dera likhale ndi 5G, ndipo kampani ikhale itatsegulira laini yanu. Mtundu winawo, SA, umaima pawokha. Uli ndi ubwino woti nambala ya IMSI ija imabisidwa isanatumizidwe mumlengalenga, ndipo kubisako kumafuna kiyi wina wosungidwa m'kakhadi. N'chifukwa chake makampani ena amafuna kuti musinthe kakhadi musanalowe pa SA. Imbirani kampani yanu muwafunse funso lolunjika: 5G yanu ndi ya NSA kapena SA, ndipo kakhadi kanga kakufunika kusintha?

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi anthu amene amati, ine intaneti sindiifuna, bola kuimba. Manetiweki akale akutsekedwa kuti mafunde ake apite ku 4G ndi 5G. Singapore inatseka 2G mu April 2017, kampani ya AT&T ya ku America inatseka 3G mu February 2022, ndipo Australia inamaliza kutseka 3G chakumapeto kwa 2024. Kumene 2G ndi 3G zonse zatha, SIM wamba ilibe poponda, ngakhale kulandira meseji. Ndipo 4G payokha siinakonzedwe kuti izinyamula mawu mwa njira yakale. Mukaimba, mafoni ambiri amatsikira kaye ku 3G kapena 2G, ndipo mukayang'ana pakona paja pamene mukulankhula muona chilembo chitasintha. Kuti mawu adutse pa 4G pamafunika VoLTE, yomwe iyenera kukhalapo m'foni, pa netiweki ndi pa laini yanu. Ifufuzeni mu Settings muiyatse, kenako imbani foni muone ngati 4G ikhalabe pamalo pake.

Mukatsimikiza kuti kakhadi ndi kachikale, pitani ku ofesi ya kampani yanu kapena kwa wothandizira wovomerezeka mukasinthitse. Nambala yanu siisintha, imangosamutsidwira pa kakhadi katsopano. Apa ndi pomwe a malume ankachita mantha, poganiza kuti anthu onse owadziwa awataya. Nyamulani chiphaso chomwe munalembetsera lainiyo, ndipo pitani nokha. Wina akakuimbirani n'kunena kuti akusinthirani kakhadi pafoni pomwepo mukangomuwerengera manambala obwera pa meseji, dulani foniyo, chifukwa akuba amalanda malaini a anthu mwa njira imeneyi kuti azilandira manambala achinsinsi a kubanki.

Musananyamuke, samutsani maina. Anthu a nthawi ya mafoni a mabatani ankasunga manambala pa SIM, yomwe nthawi zambiri imakwana maina osapitirira 250, ndipo mainawo satsatira nambala yanu pa kakhadi katsopano. Lowani mu Contacts, sankhani Import from SIM, muwasungire m'foni kapena pa akaunti yanu ya Google kapena iCloud. Pa kakhadi ka a malume tinapezapo maina ambirimbiri olembedwa moduladula, ena a anthu omwe anamwalira kale, ndipo anandiuza kuti ndisafufute ngakhale limodzi. Tinawasamutsa onse. Kakhadi katsopano katayamba kugwira, kakale kaja kanazima kokha, ndipo tinakadula pakati pa chitsulo penipeni tisanakataye, chifukwa maina ndi mameseji ena amakhala akadali momwemo.