Momwe mungagwiritsire ntchito chibangili cha barcode poika wodwala magazi

Malungo akavuta nyengo ya mvula kuno ku Mangochi, wodi ya ana imadzaza, ena n'kumagona awiri pabedi limodzi, ndipo mayina ofanana sasowa. Ngozi yoika magazi a gulu A mwa mwana wa gulu O kawirikawiri siyambira ku labu. Imayambira pabedi, thumba la magazi labwinobwino likapachikidwa pa munthu wolakwika.

Choyamba, m'vekeni wodwala chibangili akangogonekedwa. Pakhale dzina lonse, tsiku lobadwa, nambala yake ya m'chipatala ndi barcode, timizere tomwe makina otchedwa sikana amawerenga. Khanda livekedwe m'mwendo. Osamangirira chibangili pabedi kapena pa fayilo, chifukwa odwala amasinthana mabedi usiku.

Potenga magazi okayeza gulu, funsani kuti, "Dzina lanu ndani?" kapena kwa mayi wa mwana, "Mwanayu dzina lake ndani?" Musatchule dzinalo inu. Munthu wofooka amangovomera chilichonse. Kenako sikanani chibangili, tengani magazi, ndipo matani chizindikiro pa kabotolo muli pabedi pomwepo. Kusonkhanitsa timabotolo titatu n'kukalemba patebulo ndiye gwero la zolakwika zambiri, ndipo makina sangazigwire pambuyo pake.

Thumba likachoka mufiliji, momwe limasungidwa pa madigiri 2 mpaka 6, liyambe kulowa pasanathe mphindi 30 ndipo lithe pasanathe maola 4. Musanaliboole, sikanani chibangili, kenako barcode ya pathumba. Onaninso ndi maso gulu ndi tsiku lothera ntchito lomwe a Malawi Blood Transfusion Service amalemba pathumbapo. Makina akakana, musasikane mobwerezabwereza poganiza kuti avomera. Bwezani thumbalo ku labu.

Zilembo za pachibangili zimafufutika ndi thukuta, spiriti komanso kutentha kwathu kwa kunyanja kuno. Chikakana kuwerengeka, tsimikizani wodwalayo mwatsopano ndi kusindikiza china. Magetsi akazima kapena batire ya sikana ikatha, anamwino awiri awerenge aliyense payekha, chibangili ndi thumba, pabedi.

Mphindi 15 zoyambirira khalani pafupi, muyeze kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima ndi BP. Mukaona kunjenjemera, kupweteka kwa msana, kubanika kapena mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, tsekani magazi nthawi yomweyo, ikani normal saline (madzi a mchere a m'diripi) ndi chubu chatsopano, itanani dokotala, ndipo thumba lotsalalo lipite ku labu pamodzi ndi magazi ena okayeza otengedwa kwa wodwalayo.