Momwe mungafotokozere kapangidwe ka molekyu ya Panado

Ophunzira ambiri akauzidwa kuti afotokoze kapangidwe ka mankhwala amangolemba fomula basi nkusiira pompo, chonsecho fomula payokha sikuuzani kuti atomu iti yagwirana ndi iti. Tiyeni titenge paracetamol, uja tinazolowera kumutchula Panado, fomula yake ndi C8H9NO2.

Yambani ndi thunthu lake. Jambulani ringi ya makona 6 ngati kachipinda ka m'chisa cha njuchi, pakona iliyonse pali kaboni. Imeneyi ndi benzene ring, mkatimo ikani ma double bond (mizere iwiri yolumikiza maatomu awiri) atatu modumphitsa.

Kenako lembani manambala pamakonawo, 1 mpaka 6, ndipo apa mpamene pagona nkhani yonse. Pa kaboni 1 lumikizani NH (naitrojeni ndi haidrojeni), NH yo igwirane ndi kaboni wina amene ali ndi double bond ku okosijeni, kumapeto kwake CH3. Gulu limeneli ndi amide. Pa kaboni 4, moyang'anizana ndendende, ikani OH (okosijeni ndi haidrojeni), ndiye poti OH yo yakhala pa ringi penipeni timati ndi phenol osati alcohol wamba, anthu ambiri amaphonya pamenepa ndithu. Kuyang'anizana kwa 1 ndi 4 ndi kumene amati para. Musapeputse manambalawa chonde, mukasuntha OH kupita pa 3 fomula sisintha koma chomwe mwajambulacho si Panado ayi. Komanso mukachotsa H wa pa OH nkuikapo ethyl (gulu la C2H5) mwapanga phenacetin, mankhwala amene maiko ambiri analetsa chifukwa amaononga impso. Kusiyana kwake kungoti pang'ono chabe.

Mukatero werengani maatomu muone ngati zikugwirizana. Makaboni 6 a pa ringi kuphatikiza 2 a kunja kwa ringi akwana 8. Haidrojeni 4 pa ringi, 1 pa OH, 1 pa NH, 3 pa CH3, akwana 9. Aja a pa ringi ndi omwe amaiwalika poti sajambulidwa kawirikawiri.

Onjezani kulemera kwake, pafupifupi 151 g/mol. Lamulo la Lipinski la 1997 limati mankhwala akumwa nthawi zambiri kulemera kwake sikupitirira 500 g/mol ndipo magulu a OH ndi NH sapitirira 5, Panado ali nawo 2 okha ndiye akulowa bwinobwino.

Polemba yankho tsatani ndondomeko yomweyi, ringi, magulu ndi malo awo, fomula, kulemera. Ngati muli ndi bandulo lowani pa PubChem, webusaiti ya makemiko, mulembe kodi ya Panado iyi, CC(=O)Nc1ccc(O)cc1, chithunzi chikatuluka mufananize ndi chanu chija kona ndi kona.